Anafera m'ngalande za ku Kibata: dzina lili ku Zomba, manda sadziwika

Pa 22 Epulo 2021 nduna ya zachitetezo ya ku Britain, Ben Wallace, inaimirira m'nyumba ya malamulo ku London n'kupepesa. Chinaipepesetsa ndi lipoti la bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission, limene linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafera ufumu wa Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse sanalembedwe maina paliponse. Ambiri mwa iwo anali a kuno kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt. Ena, pakati pa 45,000 ndi 54,000, anakumbukiridwa ndithu koma mosiyana ndi azungu. Chichokereni tsiku limenelo, mwambo wa mu Novembala woika nkhata za maluwa ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu uli ndi funso limene lipenga silikuyankha: mnyamata wa ku Zomba, ku Mangochi kapena ku Ntcheu amene anavala yunifolomu ya Keyala (gulu la asilikali la King's African Rifles, mwachidule KAR) n'kukafera kutali, anamuika pati, ndipo ndani anaganiza kuti pamalopo pasakhale mwala?

Anthu ambiri akamva za nkhondo ya m'ngalande amaganiza za France ndi Belgium. N'zoona kuti nkhondo ya kuno, yolimbana ndi Ajeremani, imene akuluakulu ankaitcha ya chiwaya (mfuti yolavula zipolopolo motsatizana), inali makamaka yoyenda, yothamangitsana m'tchire miyezi ndi miyezi. Koma panali malo ena pamene miyendo inaima, asilikali n'kukumba pansi, mizinga n'kuyamba kulankhula. Malo amene zimenezi zinawaonekera kwambiri anyamata a ku Nyasaland ndi Kibata, m'mapiri a Matumbi, kumtunda kwa doko la Kilwa m'dziko limene lero ndi Tanzania, mu Disembala 1916.

Zaka ziwiri zoyambirira tingozidutsa. Pa 13 Ogasiti 1914 pa nyanja ya Malawi, sitima ya Angerezi ya Guendolen inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli. Pa 9 Seputembala kunamenyedwa nkhondo ya ku Karonga. Mu Novembala John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno akuitanidwa kukafera mlandu wosawakhudza, n'kusiya amasiye ndi ana opanda chogwira, ndipo pa 23 Januwale 1915 anaukira boma. Pofika kumapeto kwa nkhondo dziko lino linali litapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga oyandikira 200,000, pamene anthu onse m'dzikomo ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. M'midzi yambiri ankangoti ndi thangata lina.

Gulu limene likutikhudza pano ndi lachiwiri la King's African Rifles. Boma linalithetsa mu 1911 pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ena mwa asilikali ochotsedwawo anawoloka malire n'kukalembetsa kwa Ajeremani, amene ankalipira bwino. Mu 1916 gululo linadzutsidwanso ndi anthu a ku Nyasaland: akale ochepa odziwa mfuti, ndi anyamata ambiri ongolembedwa kumene, Ayao, Anyanja, Angoni, Alomwe ndi ena. Posakhalitsa linagawidwa pawiri, 1/2 KAR ndi 2/2 KAR, n'kutumizidwa panyanja ku Kilwa. Choncho n'zosadabwitsa ngati ku Kibata anthu olankhula chinenero chimodzi ankawomberana, wina atavala za Mngerezi wina za Mjeremani.

Ku Kibata kunali linga lamiyala la Ajeremani, m'dera lomwe nkhondo ya Maji Maji, youkira Ajeremani, inayambira mu 1905. Angerezi analilanda mu Okutobala 1916 popanda vuto lalikulu. Kufunika kwake kunali kwakuti njira zochokera ku Kilwa kupita ku mtsinje wa Rufiji zinkadutsa pamenepo, ndipo minda ya m'deralo ndiyo inkadyetsa asilikali a Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wankhondo wa Ajeremani. Iye sakanalola. Vuto la lingalo linali lakuti lazunguliridwa ndi timapiri tolitalikira, motero wolisunga ankayenera kusunga timapirito. Kofunika koposa kanali kamene Angerezi anakatcha Picquet Hill. Pamwamba pake anakumbapo malo awiri otetezedwa, ndipo ankawalondera ndi a Keyala pamodzi ndi Amwenye a gulu la 129th Baluchis. Amwenyewa sanali alendo pa ntchitoyi. Anali atamenya kale m'ngalande za ku Belgium ndi France mu 1914 ndi 1915, ndipo mmodzi wa iwo, Khudadad Khan, ndiye msilikali woyamba wa ku India kulandira mendulo ya Victoria Cross.

Kuti timvetse mmene munthu ankafera pamalo otere, tiyenera kudziwa mmene ngalande imakumbidwira. Yoyenera imakhala yakuya pafupifupi mamita awiri, kuti munthu aziyendamo chilili mutu osaoneka, koma yopapatiza, osafika mita, chifukwa ikatambalala bomba limagweramo mosavuta. Kukhoma loyang'ana adani amasiya kasitepe koti msilikali akwerepo akafuna kuwombera. Dothi lofukulidwa amaliunjika kutsogolo, ndipo liyenera kukhuthala kupitirira mita. Likachepa, chipolopolo cha mfuti wamba chimabowola n'kumupeza munthu amene akudziona ngati wabisala. Kumbuyo amaunjikanso lina lotchinga zidutswa za bomba lophulikira kumsana. Ngalande siiwongoka ayi. Amaikhotetsa pakapita mamita angapo, kuti bomba likagwera chigawo chimodzi lisaphe a chigawo china, komanso kuti mdani akalowa kumapeto asathe kuwombera mzere wonse ndi chiwaya chimodzi. Pansi pamafunika timaenje tokokera madzi.

Zonsezi zimalembedwa bwino m'buku la usilikali. Paphiri, m'nyengo ya dzinja, zimasokonekera. Ukakumba pansonga penipeni umaona kutali, koma nawenso umaonekera kwa wolozetsa mzinga. Ukatsikira m'munsi pang'ono umabisika, koma pamatsala malo otsetsereka amene suwaona, ndipo mdani amakwawa n'kufika pafupi. Kudula mitengo kuti mfuti zione bwino kumachotsanso mthunzi wokubisa. Mvula ikagwa makoma amagumuka, matumba a mchenga amaola, madzi amafika m'mawondo. Asilikali a Keyala ambiri nthawi imeneyo ankayenda opanda nsapato, miyendo atangoikulunga nsalu kuchokera m'kakolo kufika m'bondo, ndiye matekenya ndi zilonda zinkawagwetsa asanaone n'komwe Mjeremani.

Pa 6 Disembala asilikali a Lettow-Vorbeck anayamba kukankha alonda a kunja. Chimene Angerezi sanayembekezere chinamveka tsiku lotsatira: mizinga ikuluikulu. Umodzi unali wochokera m'sitima yankhondo ya Königsberg, imene inamizidwa kumathiriro a Rufiji mu Julaye 1915. Ajeremani anazulamo mizinga khumi ya masentimita 10.5, n'kuiika pa mateyala. Winawo unali wa mtundu wa howitzer, mwa zida zimene sitima ya Ajeremani ya Marie inazembetsa mu Malichi 1916. Kunalibe msewu woti galimoto n'kudutsa. Anaikoka ndi anthu mazanamazana, ndi zingwe, kukwera ndi kutsika mapiri m'matope, ndipo anthu amenewo nawonso maina awo palibe anawasunga.

Mizinga iwiriyi imapha mosiyana, ndipo kuipa kwake n'kwakuti imathandizana. Wa m'sitima umaponya chipolopolo cholemera makilogalamu opitirira 15 mwaliwiro kwambiri, chongolunjika osakwera m'mwamba, motero chimafika munthu asanamve kulira kwake, n'kugumula mulu wa dothi wa kutsogolo uja. Howitzer imaponya m'mwamba, chipolopolo n'kutsika chozondoka, ndipo chimatha kugwera m'kati mwenimweni mwa ngalande. Woyamba amavula chitetezo, wachiwiri amalowa. Masiku oyambawo a m'linga analibe mzinga ngakhale umodzi wobwezera. Chimene msilikali akanachita n'kugona chafufumimba pansi pa ngalande, kudikira, kenako mizinga ikangoti zii n'kudzuka msanga kukwera pakasitepe kaja, chifukwa kukhala chete kumeneko ndiko kunkatanthauza kuti oyenda pansi afika.

Anafikadi. Sanathe kulanda phirilo, koma anakumba malo awoawo m'mbali mwake, pamtunda wosakwana mamita 100 kuchokera ku ngalande za Angerezi. Malowo m'mabuku amatchedwa Lodgement. Kuyambira pamenepo nkhondo ya ku Kibata inafanana ndi ya ku Ulaya. Masana palibe ankadzutsa mutu. Madzi, ufa, zipolopolo, zonse zinkakwera usiku, ndipo ovulala ankatsitsidwanso usiku, ngati anali akadali ndi moyo. Anyamata a 2/2 KAR anathamangitsidwa kudzathandiza, n'kufika atatopa ndi ulendo wa m'mapiri, ndipo kuyesa koyamba kuchotsa Ajeremani pa Lodgement kunalephera, anthu n'kufapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pamtunda waufupi chotero, poyera, chiwaya chimodzi chokhazikidwa bwino chimakwanira kuimitsa gulu lonse. Mfuti ya msilikali inkanyamula zipolopolo khumi, koma chipolopolo sichikhota kulowa m'dzenje.

Chinasintha zinthu ndi bomba la m'manja la Mills, lolemera pafupifupi magalamu 750. Umazula kapini uku utagwira chogwirira, ukaponya chogwiriracho chimafwamphuka, ndipo pakapita masekondi ochepa limaphulika. Munthu wamphamvu amaliponya mamita 25 kapena 30 basi, pamene zidutswa zake zimatha kuuluka kupitirira pamenepo, ndiye woponya ayenera kufika pafupi kenako n'kudzigwetsa pansi. Ukaponya msanga mdani amatha kulitola n'kukubwezera. Ukachedwa limakuphulikira wekha. Ndi ntchito yofuna anthu oizolowera, ndipo oizolowera anali Amwenye aja. Mkulu wa asilikali Henry O'Grady atafika ndi timizinga tonyamulika ta m'mapiri, usiku wa pa 15 Disembala a Baluchis anakwawa mwakachetechete, n'kuthira mabomba mu Lodgement, n'kuilanda. Tsiku lomwelo gulu la Gold Coast Regiment, lochokera ku dziko limene lero ndi Ghana, linali likuyesa kuzungulira Ajeremani cha kumadzulo, ndipo pa phiri limene linadzatchedwa Gold Coast Hill mizinga yomwe ija inapha ndi kuvulaza anthu ake pafupifupi 140. Kuwomberana kunapitirira mpaka Khrisimasi kudutsa. Ajeremani anachoka kumayambiriro kwa Januwale 1917, Jan Smuts, mkulu wankhondo wa mbali ya Angerezi, atayamba kuwapanikiza cha ku Rufiji.

Pa mapu a nkhondo yonse, Kibata ndi kadontho. Koma kwa dziko lino ndi pokhotera. Nthawi yomweyo asilikali achizungu a ku South Africa ankabwezedwa kwawo zikwizikwi chifukwa cha malungo ndi kamwazi, ndipo akuluakulu ankakayikira ngati anyamata akuda ongophunzitsidwa miyezi yochepa angapirire mizinga. Ku Kibata anapirira. Zotsatira zake sizinali mpumulo koma kulemba ena ambiri: pofika 1918 Keyala inali ndi mabataliyoni 22, ndipo nkhondo yotsalayo, ya ku Narungombe, ya ku Mahiwa mu Okutobala 1917, ndi kuthamangitsana konse kwa m'dziko la Apwitikizi, Mozambique ya lero, inagwera pamsana pa Aafirika. Ngakhale tsiku limene timakumbukira, 11 Novembala, si limene mfuti zinaleka kuno. Lettow-Vorbeck anamva za mtendere ali cha ku mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918.

Tsono nkhani ya Kibata timaidziwa kuchokera kwa yani? Apa m'pofunika kuyeza. Lettow-Vorbeck analemba zokumbukira zake, ndipo monga mkulu wankhondo aliyense amachepetsa zimene zinamukanika. A Gold Coast mbiri yawo inalembedwa ndi bwanamkubwa wawo, Hugh Clifford, nkhondo itangotha, ndipo ndi yodzaza ndi matamando. A Baluchis ali ndi buku la gulu lawo. Mbiri ya boma la Britain ya nkhondo ya kuno inatuluka gawo loyamba lokha, mu 1941, ndipo limathera mu Seputembala 1916, miyezi itatu Kibata isanachitike. Gawo lachiwiri silinasindikizidwe. A Keyala anadikira mpaka 1956 pamene Moyse-Bartlett analemba mbiri yawo, nayenso potsamira zolemba za maofesala. Zolemba za tsiku ndi tsiku za magulu ankhondo zili ndi chizolowezi chimodzi: ofesala wachizungu akafa amatchulidwa dzina, asilikali akuda amawerengedwa, akuti afa angapo, avulala angapo. Mawu a eni ake anadzamveka m'zaka za m'ma 1970, pamene katswiri wa mbiri yakale Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinatsala. Umboni umenewo ndi wamtengo wapatali pa za njala, zikoti, nyimbo ndi mantha, koma patatha zaka zoposa makumi asanu munthu sakumbukira kuti mnzake anagwa pa phiri liti tsiku liti. Kuwonjezera apo, moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mapepala ambiri a zaka za nkhondo.

Wofera m'ngalande ankaikidwa usiku, pafupi pomwepo, m'dzenje losaya, chifukwa kukumba kwambiri kunali kuitana chipolopolo. Chizindikiro, ngati chinalipo, chinali kamtengo kapena kathabwa, ndipo chiswe ndi mvula ya chaka chimodzi zinkakwanira kukafafaniza. Mpaka apa palibe wosiyana ndi mnzake. Mzungu ndi wakuda ankaikidwa mofulumira chimodzimodzi. Kusiyana kunadza nkhondo itatha.

Bungwe la manda lija linakhazikitsidwa mu 1917 motsogozedwa ndi Fabian Ware, ndipo mfundo yake yotchuka inali yakuti akufa onse ndi ofanana: mwala umodzimodzi kwa mkulu wankhondo ndi kwa msilikali wamba, dzina lililonse lilembedwe. Ku France mfundoyi inatsatidwa mosamala kwambiri. Kuno kum'mawa kwa Africa mafupa a azungu anafunidwa, kufukulidwa m'tchire, n'kusonkhanitsidwa m'manda osamalidwa bwino monga a ku Dar es Salaam. A anthu akuda, ngakhale ena amene malo awo ankadziwika, anasiyidwa kuti tchire limere. Ofesala wina woyang'anira ntchitoyi kuno, George Evans, analemba kuti ambiri mwa akufawo anali anthu osatsegula maso amene sasamala za manda a abale awo. Mu 1923 bwanamkubwa wa Gold Coast ananena kuti munthu wamba wa kumeneko sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ndipo mkulu wina wa bungwelo, Arthur Browne, anayankha kuti kapena pakadzapita zaka mazana awiri kapena atatu, anthuwo atatukuka, adzayamikira. M'malo mwa maina anamanga zipilala zitatu za msilikali wosatchulidwa, ku Nairobi, ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam, cha ku Dar es Salaam chikutsegulidwa mu 1927, mawu ake olembedwa ndi mlembi wa ku Britain, Rudyard Kipling.

Oikira kumbuyo bungweli ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Dera la nkhondo linali lalikulu kuposa France kangapo. Kaundula wa amtengatenga anali wosalongosoka, malo ena kunalibiretu. Manda ambiri afisi anali atafukula kale. Ndalama zinali zochepa, ndipo maboma a atsamunda, amene ankayenera kusonkha, sankafuna. Koma zifukwa zimenezi zimafotokoza za manda otayika, osati za manda odziwika amene anasiyidwa dala, ndipo lipoti la 2021 lenilenilo linanena poyera kuti tsankho la nthawi ya atsamunda linalowerera pa zigamulozo. Kunena kuti anthu a kuno sasamala za manda ndiye kovuta kukumeza. Evans akanangofunsa msilikali aliyense womulondera, akanamuuza kuti kumudzi kwawo kumanda sikudulidwa mtengo, sikulowedwa popanda mfumu kudziwa, kuti adzukulu ali ndi ntchito yawo, kuti Msilamu amachitiridwa sadaka ndipo kwina anthu amameta maliro akatha. Mabanja a anyamata a ku Kibata sanaone mtembo, sanathire dothi. Ambiri anamva za imfayo kwa mnzake wobwerako, patatha zaka.

Pa mbali imodzi Nyasaland inachita mwayi kuposa maiko oyandikana nawo. Chipilala cha njerwa chokhala ndi wotchi chimene chili ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, chomangidwa m'zaka za m'ma 1920, chili ndi maina a asilikali a Keyala opitirira 1,200 amene anafa pa nkhondoyo. Mnyamata wa pa Picquet Hill ayenera kuti ali pamenepo. Koma dzina lili lokha, silikuuza kuti uyu anafa ndi mzinga ku Kibata kapena ndi chibayo m'chipatala cha ku Lindi. Ndipo ndi chipilala cha onyamula mfuti. Amtengatenga, amene ankasenza makilogalamu pafupifupi 25 aliyense, amene anafa ambiri kuposa asilikali, sanalembedwe chimodzimodzi. Masamu a ntchito yawo anali ankhanza: munthu wodya kilogalamu imodzi patsiku amatha katundu wake yense m'masiku 25, ndiye njira ikatalika akuluakulu ankachepetsa phoso la wonyamulayo kuti chakudya chikafike kutsogolo. Bungwe lija layamba kukonza zina. Mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town cha anthu akuda a ku South Africa oposa 1,700 amene anafa akugwira ntchito za nkhondoyi, aliyense ndi mtengo wake wolembedwa dzina.

Banja lofuna kulondola gogo wawo liyambire pa nambala, osati pa dzina. Ngati pakhomo pali mendulo yakale, yang'anani m'mphepete mwake mozungulira: pamadindidwa nambala ya msilikali, udindo wake, dzina ndi gulu, monga 1/2 KAR. Nambala imeneyo ndiyo ingatsegule makaundula a mamendulo ndi zolemba za magulu ankhondo zosungidwa ku National Archives ku Kew, ku London, ndiponso mapepala amene anapulumuka ku National Archives ya ku Zomba. Gulu likadziwika, ndi tsiku la imfa likapezeka, zolemba za tsiku ndi tsiku zija zimakuuzani kumene gululo linali tsikulo, ngakhale sizimutchula munthuyo. Dzina lokha limasocheretsa pa zifukwa zitatu. Ambiri analembedwa ndi dzina limodzi, ndiye a Juma, a Saidi ndi a Bwanali amapezeka ambirimbiri m'gulu limodzi. Makalaliki ankalemba mmene khutu lawo lamvera, L ndi R n'kusinthana, Ch n'kukhala C kapena Tch. Ndipo anyamata ena, pothawa msonkho, mlandu kapena makolo owaletsa, ankalembetsa ndi dzina limene kumudzi silinkadziwika, n'kutchulanso mfumu ya mudzi wina.